Chikho M'thumba la Benjamini: Pamene Mwana wa M'mudzi Wagwidwa ndi Chamba

Mawu a Mulungu owerenga: Genesis 44:1-34, Yohane 7:50-52, Mateyo 25:31-46

Ana a Yakobe ananyamuka ku Ejipito m'mamawa, abulu awo atalemedwa ndi tirigu. Asanapite patali, kapitawo wa Yosefe anawapeza nawaimitsa pamsewu, nati chikho chasiliva cha mbuye wake chasowa. Matumba anatsitsidwa pansi ndi kumasulidwa limodzilimodzi, kuyambira la wamkulu mpaka la wamng'ono. Chikho chija chinapezeka m'thumba la Benjamini. Mnyamatayo sanachibe, ndipo sanadziwe n'komwe kuti wachisenza. Koma chinali m'thumba lake, ndipo onse anachiona.

Munthu wa ku Mulanje safuna womufotokozera chithunzi chimenechi. Aliyense amene anakwerapo minibasi pamsewu wochokera ku Muloza kudzera ku Limbuli, pa Boma ndi pa Chitakale amadziwa mmene zimakhalira pa rodibuloko: galimoto iima, anthu atsika, wapolisi afunsa mwini wa thumba lililonse. Amadziwanso anyamata a kabaza amene amasenza katundu womangamanga wa munthu amene sakumudziwa, atauzidwa kuti ndi nandolo kapena kaunjika. Masiku ambiri m'thumba mumakhaladi nandolo. Tsiku lina mumapezeka chamba, mwini katundu n'kuzimiririka, ndipo usiku womwewo lamya imalira kunyumba kwa mayi wina wa m'limana: mwana wanu ali m'chitokosi.

Ena mwa ogwidwawo ndi a Benjamini enieni, osadziwa kanthu. Ena anadziwa bwino lomwe chimene asenza. Koma funso limene limagwera banja ndi mpingo m'mawa mwake ndi limodzi: ndani aime naye?

Abale onse anabwerera mumzinda

Kapitawo uja anali atanena kale kuti wopezeka ndi chikho yekha ndiye atsale, ena onse apite kwawo. Njira inali yotseguka, tirigu anali pa abulu, ndipo kwawo kunali njala. Zaka zambiri m'mbuyomo abale omwewa anagulitsa Yosefe nabwerera kwa bambo wawo ndi bodza. Ulendo uno anang'amba zovala zawo, nakwezanso katundu, nabwerera onse mumzinda pamodzi ndi mng'ono wawo. Kutembenuka mtima kwawo kunaonekera pamenepo.

Mabanja ambiri achikhristu amalephera pa sitepe yoyamba yomweyi. Mlandu wa chamba umabwera ndi manyazi. Bambo amene amawerenga Mawu pa Misa safuna kuti anthu amuone pakhomo la polisi. Mayi wa m'bungwe la amayi amauza anzake kuti mwana wapita kwa malume ake ku Limbe. Masiku amapita pobisa nkhani, pamene masiku oyambirirawo ndiwo ofunika kuposa onse. Ena amangoti adziwonere yekha, anamuuza kalekale. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Mwana sasiya kukhala mwana chifukwa wavala unyolo, ndipo ubatizo wake sufafanizika pa kauntala ya polisi.

Zimene lamulo likunena

Chifundo chopanda nzeru chimathera m'misozi. Wofuna kuthandiza ayambe wamvetsa mlandu umene m'bale wake akuyankha.

Milandu yambiri yopezeka ndi chamba imazengedwa pansi pa lamulo la mankhwala oopsa, la Dangerous Drugs Act. Chilango chake chachikulu chimafika mpaka kukhala m'ndende moyo wonse, ngakhale kuti mabwalo amayang'ana zambiri asanagamule: kuchuluka kwa chamba, ngati chinali chosuta kapena chogulitsa, zaka za wopalamulayo, ngati n'koyamba kupalamula, ndiponso ngati wavomera mlandu. Wina amalipa chindapusa, wina amapita kundende zaka zingapo.

Pali mphekesera imene yasocheretsa achinyamata ambiri, yakuti boma linaloleza chamba. M'mwezi wa February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomerezadi lamulo la Cannabis Regulation Act, koma lamuloli limalola kulima ndi kukonza mbewuyi pa ntchito za mankhwala ndi za mafakitale, kwa okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Silinalole kusuta, ndipo silinalole kusunga kapena kunyamula chamba popanda chiphaso. Lamulo lomweli linaika chilango chofika zaka 25 kwa olima ndi ogulitsa mozemba.

Mawu akuti kupezeka ndi chamba ali ndi tanthauzo lake m'bwalo. Woimira boma pamlandu ayenera kuonetsa kuti chinthucho ndi chambadi, ndipo m'chigawo chino cha kummwera kawirikawiri chimatumizidwa kukayesedwa ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe. Ayeneranso kuonetsa kuti chinali m'manja kapena m'ulamuliro wa woimbidwa mlandu, ndi kuti iye ankadziwa za icho. Apa ndi pamene Benjamini amapulumukira, chifukwa kusenza chinthu osachidziwa si chimodzimodzi ndi kuchisunga mwadala. Komabe kungonena kuti sanadziwe sikukwanira. Bwalo limafunsa kuti katunduyo anamupatsa ndani, anamulipira zingati, ankapita naye kuti, nanga n'chifukwa chiyani anathawa ataona apolisi. Mayankho a mafunso amenewa amafuna mboni, ndipo mboni zimafunidwa ndi abale amene ali kunja, chifukwa wa m'chitokosi sangayende.

N'chifukwa chake wa kabaza, kondakitala, ngakhale mayi wapaulendo amene wapemphedwa kuti agwirizire chikwama cha mnzake, ali ndi ufulu wofunsa chimene chili m'kati ndi kuchiona. Safunsa anadya phula.

Maola 48 oyamba

Nikodemo anali mmodzi wa akuluakulu a Ayuda. Anzake atagamula kale m'mitima mwawo za Yesu, iye anawakumbutsa kuti chilamulo chawo chomwe sichilola kutsutsa munthu asanamvedwe. Anamunyoza, koma ananena zoona. Mfundo yomweyi ili m'Malamulo oyendetsera dziko lino, m'gawo 42, ndipo Mkhristu aliyense ayenera kuidziwa monga adziwira Malamulo Khumi.

Womangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira, m'chiyankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo sayenera kukakamizidwa kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu wokambirana ndi loya mwachinsinsi, ndi woonana ndi abale ake, dokotala ngakhalenso womuthandiza pa zauzimu. Ayenera kufikitsidwa kubwalo pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa nthawi imene bwalo silikugwira ntchito, afikitsidwe tsiku loyamba limene bwalo latsegula. Ali ndi ufulu wopempha belo, ngakhale bwalo lingathe kukana ngati chilungamo chikufuna kutero. Mpaka bwalo litagamula, lamulo limamuona ngati wosalakwa.

Wachibale woyamba kufika kupolisi apite ndi chakudya ndi chofunda, komanso kope ndi cholembera. Alembe tsiku ndi ola limene munthuyo anagwidwa, malo ake, amene analipo, mlandu umene watchulidwa, ndi katundu amene walandidwa, monga njinga, foni kapena ndalama. Amukumbutse m'bale wake kuti asasayine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena kuwerengeredwa m'chiyankhulo chake. Ayankhule ndi apolisi mwaulemu, pakuti nawonso ali pa ntchito imene dziko linawapatsa, ndipo ambiri a iwo ndi Akhristu anzake. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Belo ya kubwalo imafuna anthu okhazikika, odziwika kumene amakhala, amene angalonjeze kuti woimbidwa mlanduyo sadzathawa.

Ngati wogwidwayo sanakwanitse zaka 18, abale anene msanga ndi kubweretsa umboni wa zaka zake: chiphaso cha kubadwa, buku la kusikelo, kalata ya kusukulu, ngakhale khadi la ubatizo. Lamulo loteteza ana la 2010 limafuna kuti mwana asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, ndi kuti nkhani yake ipite kubwalo la ana, kumene cholinga ndi kumukonza. Kaundula wa ubatizo wa parishi angathe kusintha ulendo wonse wa mlandu.

Mawu amodzi olemera

Tsiku loyamba kubwalo la majisitireti, mlandu umawerengedwa ndipo woimbidwayo amafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Anthu ambiri osauka amavomera chifukwa cha kutopa, mantha, kapena chifukwa wina wawanong'oneza kuti ukavomera zimatha msanga. Zimathadi msanga. Wovomera safunanso mboni, ndipo chigamulo chingathe kuperekedwa tsiku lomwelo. Kuvomera kumathandiza kuchepetsa chilango kwa amene analakwadi, koma kwa Benjamini ndi kudzimangirira mwala m'khosi. Lamulo limafuna kuti woweruza atsimikize kuti munthuyo akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Amene sakumvetsa anene kuti sakumvetsa, ndipo apemphe nthawi yoti apeze uphungu. Zimenezi si mwano kwa bwalo.

Dziko lino linaona kulemera kwa nkhaniyi m'chaka cha 2022, pamene bwalo la ku Limbe linagamula mnyamata wina wa ku Blantyre kuti akakhale kundende zaka 8 chifukwa cha matumba a chamba. Pa nthawi yomweyo bwana wamkulu wa kampani ina anangolipa chindapusa pa mlandu wokhudza mbewu yomweyi. Milandu iwiriyi inasiyana pa kuchuluka kwa chamba, komabe anthu anadandaula kwambiri kuti wosauka ndi wolemera sayesedwa ndi muyeso umodzi. Maloya atalowererapo, Bwalo Lalikulu linatsitsa chilangocho kufika zaka 3, ndipo pa Pasaka wa 2023 mnyamatayo anali m'gulu la akaidi amene anakhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Iye anapeza omuyankhulira chifukwa nkhani yake inamveka pa wailesi ndi pa Facebook. M'ndende ya Mulanje, ya Chichiri ndi ya Zomba muli ena amene nkhani zawo sizinamveke kulikonse.

Kufuna nkhoswe

Asananyamuke ku Kanani, Yuda anali atalonjeza bambo wake kuti iye ndiye chikole cha Benjamini. Tsono pamaso pa Yosefe, amene sanamuzindikire, Yuda anasendera pafupi nayankhula. Sanakane kuti chikho chapezeka. Sananame, sanatukwane, sanapereke chiphuphu. Anafotokoza mwadongosolo mbiri yonse: za bambo wokalamba, za mwana wina amene anatayika kale, za chimene chidzachitike mnyamatayu akapanda kubwerera. Anachititsa woweruza kuona munthu pamene poyamba pankaoneka thumba ndi chikho. Imeneyi ndiyo ntchito ya nkhoswe, ndipo ndiyo ntchito ya loya wabwino.

Malembo sachita manyazi ndi ntchito imeneyi. Yohane Woyera, m'kalata yake yoyamba, amatchula Yesu ndi dzina lachigiriki lakuti Parakletos, kutanthauza woitanidwa kuti aime pambali pa mnzake pa mlandu, ndipo dzina lomweli Yesu analipereka kwa Mzimu Woyera. Pa Chichewa analimasulira kuti Nkhoswe. Paulo Woyera, atamangidwa ku Yerusalemu, anakumbutsa asilikali za ufulu wake monga nzika ya Roma, ndipo pambuyo pake anachita apilo kwa Kaisara. Danieli anapulumutsa Suzana pofunsa mboni ziwiri zonama payekhapayekha, mpaka mawu awo anasemphana. Kufuna loya si kusowa chikhulupiriro, ndipo si kuvomereza tchimo.

Kwa amene sangathe kulipira, khomo loyamba ndi Legal Aid Bureau, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziimira osauka pa milandu. Lili ndi ofesi yaikulu ya chigawo ku Blantyre ndi maofesi ena m'maboma, ndipo kalaliki wa bwalo la majisitireti angathe kulozera yapafupi. Wachibale angathe kukaperekera pempho m'malo mwa womangidwa. Amafunsa za kapezedwe ka banja, ndipo milandu ili yambiri kuposa maloya awo, choncho kupita msanga ndi kubwererako kawirikawiri n'kofunika.

Alipo aphungu a zamalamulo amene si maloya, monga a bungwe la PASI, amene amayendera ndende, polisi ndi mabwalo, ndi a bungwe la CHREAA ku Blantyre. Iwo amathandiza kufotokoza mlandu, kulemba pempho la belo, kufufuza abale ndi kukumbutsa bwalo za amene akhalitsa pa rimandi. Lamulo linaika malire a masiku 30 oti munthu asungidwe mlandu wa kubwalo la majisitireti usanayambe, pokhapokha bwalo litawonjezera. Mu mpingo momwemuno muli komiti ya Chilungamo ndi Mtendere, imene ntchito yake ndi yomweyi: kulozera anthu kumene angapeze thandizo loona.

Banja limene lasonkha ndalama zolembera loya lichite zinthu zingapo lisanapereke khobidi. Litsimikize kuti munthuyo ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, pakuti bungwe la maloya la Malawi Law Society limasunga mndandanda wa oloredwa kugwira ntchito. Likumane naye mu ofesi yake, osati pansi pa mtengo kunja kwa bwalo. Lifunse ngati amaimira anthu pa milandu ya upandu, ndi ngati adzabwera yekha ku Mulanje pa masiku a mlandu. Malipiro alembedwe papepala, kuphatikizapo za mayendedwe, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti. Loya woona salonjeza kuti mlandu apambana, chifukwa wogamula si iye. Ndipo womangidwayo amuuze loya wake zoona zonse, zokoma ndi zowawa, pakuti zokambirana zawo ndi zachinsinsi, ndipo nkhoswe yonamizidwa imakachita manyazi pabwalo.

Chigamulo chikaperekedwa, nkhani sinathe. Pali apilo ku Bwalo Lalikulu, koma nthawi yodziwitsa bwalo ndi ya masiku owerengeka. Banja lisadikire kuti likolole kaye.

Njira yachidule

Pafupi ndi polisi ndi mabwalo sipasowa adobadoba, anthu onena kuti amadziwana ndi akuluakulu ndipo fayilo ingathe kusowa. Mabanja agulitsa mbuzi, njinga, ngakhale kadimba ka m'mbali mwa Ruo, ndalama n'kupita, mwana n'kukhalabe m'kati. Ngakhale zitatheka, Buku la Eksodo limachenjeza kuti chiphuphu chimachititsa khungu openya ndi kupotoza mlandu wa osalakwa. Lamulo la dziko limalanga wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo bungwe la ACB lilipo kuti lilandire madandaulo otere. Chiphuphu chilichonse choperekedwa lero chimakweza mtengo wa chilungamo kwa mayi wamasiye amene adzabwere mawa wopanda kanthu. Mboni zogula ndi tchimo lomwelo, lophwanya lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu.

Nanga ngati analakwadi?

Mpingo subisa mawu pa za mankhwala ozunguza bongo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2291, amaphunzitsa kuti kuwagwiritsa ntchito popanda chifukwa cha chipatala ndi kulakwa kwakukulu, ndipo kuwapanga ndi kuwagulitsa mozemba ndi kukhumudwitsa ena. Makolo amene aona mwana wawo wanzeru akusiya sukulu ndi kumayankhula yekha pamsika amadziwa kuti chiphunzitsochi si nkhambakamwa. Wogulitsa chamba kwa ana a sukulu amawononga ana a anzake, ndipo boma lili ndi udindo womuletsa.

Katekisimu yemweyo, pa nambala 2266, amaphunzitsanso kuti chilango chiyenera kulingana ndi kulakwa, ndipo chithandize wolakwayo kukonzeka. Wolakwa nayenso amafuna womuimira, woti auze bwalo kuti n'koyamba, kuti ndi wamng'ono, kuti ali ndi ana omudalira, kuti anali wongotumidwa pamene eni malonda ali pamtendere. M'chaka cha 2009 bwalo loona za Malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende za dziko lino kumaphwanya ulemu wa munthu. Chaka chimodzi chowonjezera mosayenera m'malo otere si chinthu chaching'ono.

Ndipo Yuda mwiniwakeyo anali ndani? Ndi iye amene anapereka nzeru yogulitsa Yosefe kwa amalonda. Wogulitsa m'bale wake ndiye anadzasanduka wodzipereka m'malo mwa m'bale wake, ndipo m'fuko lake ndimo munabadwa Mpulumutsi. Mulungu sanamalize naye pa tsiku la tchimo lake. Pa chiweruzo chomaliza, monga Mateyo akusimbira, Ambuye adzadziika m'malo mwa wam'ndende, osafunsa kaye ngati wam'ndendeyo anali wolakwa kapena ayi.

Ntchito ya limana

Mutu umodzi susenza denga. Mayi mmodzi sangathe kuphika chakudya cha kupolisi, kufunafuna mboni ku Limbuli, kukwera basi ya ku Blantyre ndi kusamala ana otsala. Limana limene limadziwa kusonkha pa maliro lingathenso kusonkha thiransipoti yopitira ku Legal Aid. Mkhristu wokhazikika, wodziwa bwino mnyamatayo, angathe kumuimira pa belo. Awiri kapena atatu angathe kukakhala pa benchi tsiku la mlandu, kuti woimbidwayo akatembenuka aone nkhope za kwawo. Ena angathe kudziwitsa Bambo Mfumu kuti wam'ndendeyo alandire masakramenti. Onse angathe kugwira lilime, chifukwa miseche ya pachitsime imagamula msanga kuposa majisitireti, ndipo ilibe apilo. Akadzatuluka, adzafuna ganyu, malo pa kwaya, ndi munthu womuperekeza kuchipatala ngati chizolowezi chamugwira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa limana sabata ino: Kodi m'dera lino muli banja limene likusenza mlandu mobisa chifukwa choopa kusekedwa? Ndani m'limana amene akudziwa kumene kuli ofesi ya Legal Aid ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere? Ndi liti pamene limana linayenderapo am'ndende?

Pemphero

Ambuye Yesu, amene anamangidwa usiku, naweruzidwa popanda womuyankhulira, akumbukire onse amene ali m'zitokosi ndi m'ndende za dziko lino. Apatse apolisi, oweruza ndi maloya mtima wokonda chilungamo. Amasule achinyamata omangidwa ndi chamba, atonthoze makolo awo, ndipo autse pakati pa anthu ake ankhoswe olimba mtima ngati Yuda. Amayi Maria, amene anaima patsinde pa mtanda, awapempherere. Amen.